Mbedza Yopanda Chikho

Basi ya Lachisanu inamutsitsa Neville Pickard pa mlatho wa Ravensike dzuwa litapendeka, mvula ya Novembala ikuwaza pang'onopang'ono. Uwu unali ulendo wake wachisanu ndi chinayi wodzagona ku Grey Tup, nyumba yokhayo m'chigwa chonse yogulitsa mowa pansi ndi kugoneka alendo pamwamba. Ulendo woyamba anabwera monga amabwerera onse oyenda m'mapiri, nsapato zili matope okhaokha, akufuna bedi la usiku umodzi. Maulendo enawo anadzera Lorna Alderson, mayi wamasiye amene ankayendetsa nyumbayo pamodzi ndi apongozi ake.

Kuderali foni imagwira malo awiri okha: pamwamba pa phiri pomwe msewu umadutsa, ndi pazenera la chipinda chachitatu ku Grey Tup, munthu akaimirira pampando. Uthenga wa Lorna unamupeza pamwamba pa phiripo, ndipo pofika pamlatho anali atauwerenga kanayi.

"Mbedza ndakhoma. Mawa madzulo ndiwauza amayi anthu onse akumva. Usaope, komanso chonde usavale tayi."

Anavula tayi n'kuiika m'thumba.

Pamwamba pa kauntala ya Grey Tup pali mtanda wakuda ndi utsi, ndipo pamtandapo pamalendewera zikho zachitsulo, chilichonse pa mbedza yake. Mlendo amamwera m'tambula yagalasi. Wapamudzi amamwera m'chikho chake. Mbedza sapempha. Eni nyumba ndiwo amaikhoma akaona kuti munthu wasanduka wawo, ndipo alipo amene anaidikira zaka khumi ndi ziwiri.

Chikho chachisanu kuchokera kuzenera chinali cha Graham, mwamuna wa Lorna. Zaka zinayi zapitazo, tsiku lina la Febuluwale, Graham anali atangomwa theka la mowa wake pamene Clive Sunter, mnzake wa paubwana, analowa kudzanena kuti chipale chofewa chakwirira nkhosa zake kumtunda. Graham anaika chikho pakauntala nati, "Musachikhudze, ndidzamaliza ndikabwera." Thirakitala inagubuduzika naye pamtsetse, ndipo anabwera naye atamunyamula. Amayi ake, Mayi Edna, sanalole kuti mowawo utayidwe. Unauma wokha m'chikhomo, kenako anachikoloweka pa mbedza yake osachitsuka. Nkhaniyi ngakhale ana a ku Ravensike ankaidziwa. Neville ankadziwa kuti Graham anafera m'chipale, koma za chikho sankazidziwa, chifukwa chinthu chimene aliyense akuchidziwa palibe amene amachinena.

* * *

"Wafika Nambala 3!" anafuula Clive, Neville asanatseke n'komwe chitseko. Anali atatsamira kauntala, chipewa chili chivalire. "Kodi aphunzitsi, ku Darlington kwanuko mabedi anatha? Kapena mapiri athu ano anathiridwa shuga?"

"Mapiri ati?" anatero a Wilf Kearton, mkulu amene ankakhala pampando wa pafupi ndi moto kuyambira Lorna asanabadwe. "Munthuyu kuyambira Epulo nsapato zake sizinaonepo matope."

Amuna anayi amene ankasewera madomino pakona anaseka. Neville anasekako pang'ono, monga amachitira ana a sukulu akamupeza atalakwitsa samu pabolodi.

"Mwafika, Bambo Pickard," anatero Lorna kuseri kwa kauntala. Pagulu ankamuitana choncho. "Chipinda chanu chomwe chija."

Anamupatsa kiyi womangiriridwa ku kathabwa kolembedwa nambala 3. Zitseko za ku Grey Tup n'zakale, ndipo chilichonse chili ndi kiyi mmodzi yekha. Popatsirana kiyiyo zala zawo zinakhudzana kanthawi kochepa.

"Lorna mwanawe, tandithandiza," anatero a Wilf akuloza mtanda ndi ndodo. "Ine ndakhala pansi pa mtanda uwu zaka makumi asanu. Lachitatu panali mbedza makumi awiri ndi zitatu. Lero ndikuona ina kumapeto uko, yonyezimira ngati dzino la golide. Ndi maso kapena ndi mowa?"

"Ndi mowa, a Wilf."

"Chabwino. Ndiye undithirire wina, mwina ndionanso mwini wake."

Panalibe amene anayang'ana Neville, ndipo kusamuyang'anako kunamveka m'chipinda chonse. Clive anali atasiya kuseka.

Mayi Edna anali pa kampando kawo kumapeto kwa kauntala, akukulunga mafoloko ndi mipeni m'timapepala. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zitatu, ndipo nyumbayo inali m'dzina lawo. Sanadzutse mutu.

"Alendo amadya seveni koloko," anatero. "Nsapato zonyowa sizikwera masitepe."

"Zikomo, Mayi Alderson. Muli bwanji?"

"Monga munandisiyira."

* * *

Lorna anamupeza m'kanjira ka kuseri kwa khitchini akuvula nsapato. Anasuzumira uku ndi uku, kenako anatulutsa kabokosi pansi pa epuloni.

"Tsegula msanga."

Munali chikho chatsopano, ndipo pamimba pake panazokotedwa dzina lakuti Neville. Anachigwira ndi manja awiri. Anafuna kunena zambiri, koma mawu amene anatuluka anali akuti, "N'cholemera."

"Ndi zomwezo?" Lorna anaseka chapansipansi. "Munthu wapita mpaka ku Richmond kukalembetsa dzina lako, akunamiza apongozi kuti akupita kwa dokotala wa mano, ndiye ukuti n'cholemera?"

"N'chokongola, Lorna. Sindinakhalepo ndi chinthu cholembedwa dzina langa kupatula chitseko cha kalasi."

"Khala nacho kuchipinda. Mawa madzulo, anthu akadzaza, udzatsike nacho. Ndidzachithira mowa ndekha, udzamwa, kenako ndidzachikoloweka. Zikatero sipadzafunikanso mawu ambiri."

"Nanga amayi akakana?"

"Nyumba ndi yawo, koma moyo ndi wanga." Anatero molimba, koma kenako anayang'ana pansi. "Si munthu woipa, Neville. Kungoti anatsala ndi zinthu zochepa, ndiye zochepazo amazigwira mwamphamvu."

Neville anamuyang'ana manja. Anali ofiira, ong'aluka m'mfundo za zala. Wophika anali atasiya ntchito mwezi wathawo, ndipo Lorna ankadzuka mdima kukazinga mazira a alendo, masana kuchapa zofunda, madzulo kukoka pampu ya mowa.

"Ndikuthandize chiyani? Sindingamangokhala ngati chithunzi."

"Khala ngati chithunzi. Mawa lokha. Usanene chilichonse, usachite chilichonse, ungooneka ngati munthu wabwino."

Mawu a Mayi Edna anamveka kuchokera m'bala. "Lorna! Mbatata ikupserera!"

Lorna anamufinya dzanja Neville n'kuthamanga.

* * *

Atadya nyama ya nkhosa ndi mbatata, Neville anakhala yekha patebulo la pazenera. A Wilf anali atapita kwawo. Clive anabwera atanyamula chikho chake dzanja lina, tambula dzanja lina, n'kuika tambulayo patsogolo pa Neville.

"Wanga uwu, aphunzitsi. Musakane, kuno sitikana."

"Zikomo, a Sunter."

Clive anakhala pansi. Anali munthu wamkulu thupi, wosakwatirapo. Kwa zaka zinayi ndiye ankakonza denga la Grey Tup likadontha, kubweretsa mazira m'mawa uliwonse, ndi kuwatengera Mayi Edna kumanda Lamlungu. Chigwa chonse chinkadziwa chimene ankadikira.

"Ine si mwana," anatero. "Mbedza ija ndaiona. Sindinama, yandipweteka. Koma nkhosa ikasankha msipu wake, mbusa umangotsatira. Tiyeni timwe."

Anamwa. Neville, amene anali atakonzekera mawu olasa, anachita manyazi ndi maganizo ake.

"Vuto lanu ndi amayiwo," anapitiriza Clive, atatsitsa mawu. "Amakuonani ngati munthu wongodya ndi kugona. Kuno munthu timamuyeza ndi manja ake, osati ndi pakamwa. Mwawachitirapo chiyani chimene angaloze ndi chala?"

"Ndayesapo kunyamula makala, anandiletsa."

"Makala! Tayang'anani uko." Analoza mtanda ndi chibwano. "Zikho izo zada bii ngati kunsi kwa poto. Kale amayiwo ankazipukuta okha Loweruka lililonse, mpaka munthu kumadziona nkhope. Pano nyamakazi inawagwira zala, Lorna naye alibe nthawi. Amadandaula tsiku ndi tsiku. Munthu atati awapukutire mwakachetechete, adzangodzuka n'kuzipeza zikuwala, ameneyo angamuike pamtima."

"Zonse?"

"Zonse. Mukasiyako chimodzi, mwini wake adzati mwamunyoza."

"Nanga inu bwanji simunachite?"

Clive anatambasula zala zake zikuluzikulu, zokhakhala ndi miyala ya mipanda. "Ndi manja awa? Ndingaziphwanye. Zimafuna manja a choko."

Neville anaseka, ndipo kuseka kumeneku kunali koona. Clive anamaliza mowa wake, n'kupatsa Lorna chikho kuti achikoloweke, natuluka osayang'ana m'mbuyo.

* * *

Bambo ake a Neville ankakonza mawotchi, ndipo anamuphunzitsa kuti ntchito yabwino ndi imene mwini chinthu aipeza itatha. Neville anatsika masitepe faifi koloko ya m'mawa isanakwane, atavala sokosi zokha. Pansi pa sinki anapeza sopo, soda ndi nsanza zofewa. Anajambula mtanda papepala n'kulemba malo a chikho chilichonse kuti asasokoneze mbedza.

Ntchitoyo inamukoma. Anatsuka chimodzichimodzi m'madzi ofunda, n'kumapukuta mpaka utsi wa zaka zambiri utachoka. Cha a Wilf chinali chophwanyika pamlomo. Cha Clive chinali chachikulu kuposa zonse.

Chachisanu kuchokera kuzenera chinali ndi fumbi lochepa kunja, ngati kuti wina ankachigwiragwira, koma m'kati munali chikhakha chofiirira chouma gwa, kuyambira pakati mpaka pansi. Pachogwirira panali zilembo ziwiri zofufutika, G ndi A. Neville anadziwa kuti n'cha Graham. Anaima nacho kanthawi. Kenako anaganiza kuti ngati pali chikho choyenera ulemu kuposa zonse, n'chimenechi, ndipo zinamumvetsa chisoni kuti chinasiyidwa chauve chotero. Anachiviika m'madzi otentha. Chikhakhacho chitakana, anathira soda n'kupala pang'onopang'ono ndi supuni yamtengo kuti asakande chitsulo. Madzi ofiirira anazungulira m'sinki n'kupita.

Chimenechi anachipukuta kawiri. Atachikoloweka chinkawala kuposa zinzake zonse.

Anatsuka nsanza, anapukuta sinki, n'kukhala pampando wa pazenera kudikira kuti kuche. Mumtima mwake munali myaa.

* * *

Mayi Edna ndiwo anayamba kutsika. Anayatsa nyale, n'kuima. Maso awo anayenda pamtandapo kuchokera kuzenera: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Anakoka kampando, n'kukwerapo popanda wowagwira, zimene dokotala anawaletsa kalekale. Anatsitsa chachisanucho, nasuzumiramo. Analowetsamo chala n'kuchizunguliza pansi pake. Chala chinatuluka choyera.

"Mwadzuka bwanji, Mayi Alderson," anatero Neville akuimirira. "Ndimati ndikupeputseniko ntchito."

"Ndinu?"

"Ndine. Cha Graham ndachisamala kwambiri. M'kati munali zouma zambiri, koma ndapala ndi supuni, zachoka zonse."

"Zapita kuti?"

"Pepani?"

"Zimene mwachotsazo. Zapita kuti?"

"M'sinki, mayi."

Mayi Edna anatsika pakampandopo. Anapita kusinki, n'kuyang'ana pa kabowo kotulukira madzi nthawi yaitali. Sanalire. Neville akanakonda akanalira.

Lorna analowa atanyamula thireyi ya makapu. Anaona mtanda ukunyezimira, anaona chikho m'manja mwa apongozi ake, ndipo anaika thireyiyo patebulo mosamala kwambiri, ngati kuti makapuwo ndiwo anali pangozi.

"Neville, wachita chiyani?"

Kanali koyamba kumuitana choncho pamaso pa apongozi ake, ndipo palibe amene anasamala.

"Unali mowa wake," anatero Mayi Edna, osatembenuka. "Anati adzamaliza akabwera. Zaka zinayi ndausunga. Moto wa pachumuni sunaupeze, madzi osefukira sanaupeze. Waupeza mlendo wa m'chipinda chachitatu, ndi supuni."

Apa m'pamene Neville anamvetsa. Anagwira msana wa mpando.

"Sindinadziwe. Ndikulumbira, palibe anandiuza."

"Akuuzeni ndani? Mlendo amauzidwa nthawi ya chakudya ndi kumene kuli bafa. Zinazo n'za eni nyumba."

Chitseko chakumbuyo chinatseguka, ndipo Clive analowa ndi thireyi ya mazira. Anayang'ana mtanda, n'kuimba kamluzu.

"Mayo ine. Amayi, n'chiyani chachitika muno?"

"A Sunter," anatero Neville, "auzeni zimene munandiuza dzulo. Munati ndizipukute zonse. Munati amayi amadandaula."

"Ine?" Clive anaika mazira pansi. "Ndinangoti zikho zada, monga munthu amanenera kuti kunja kukuzizira. Ukati kukuzizira ndiye kuti wauza munthu aotche nyumba? Cha Graham! Ine amene ndinamunyamula paphewa langa ili kuchokera kumtunda, ndingauze munthu kuti akhudze cha Graham?"

"Munati zonse."

"Aphunzitsi, munamwa matambula angati dzulo?"

Neville anayang'ana Lorna. Lorna ankayang'ana chikho. Panalibe mboni, ndipo Neville sanali munthu wobwereza mawu katatu. Clive anawagwira Mayi Edna pamkono n'kuwakhazika pampando wa a Wilf, pafupi ndi moto wozima.

"Lorna," anatero Mayi Edna, "mlendo wako adye. Analipirira ndi chakudya cham'mawa chomwe."

* * *

Neville sanadye. Anali akupinda malaya pamene Lorna analowa m'chipinda chachitatu osagogoda. Anayamba kuvula mapilo, ngati kuti anadzera zimenezo.

"Ndi Clive, Lorna."

"Ndikudziwa kuti ndi Clive. Ndinaphunzira naye kalasi imodzi, ndimadziwa nkhope yake akanama. Iye anakumba dzenje, koma walowamo ndi miyendo yako. Ndinati chiyani dzulo? Ndinati usachite chilichonse."

"Ndimafuna amayi aone kuti ndili ndi manja."

"Awaona."

Anakoka nsalu ya pabedi mwamphamvu mpaka matiresi anasuntha. Kenako anakhala pamphepete pa bedi, nsaluyo ili pamiyendo.

"Ukuganiza kuti ndi amayi okha," anatero. "M'mawa uliwonse, iwo asanadzuke, ndinkachitsitsa. Ndinkachinunkhiza. Fungo linatha chaka choyamba, koma ndinkanunkhizabe. Lachinayi, ndisanakhome mbedza yako, ndinachitsitsanso, ndinamuuza za iwe. Ndinati, Graham, ndi mphunzitsi wa masamu, salankhula kwambiri, sadziwa kusiyanitsa nkhosa yaikazi ndi yamphongo, ukanamuseka koma ukanamukonda."

Neville anakhala pampando wa pazenera.

"Ndinali nditaganiza kale kuti ndidzachitsuka. Osati mawa, osati chaka chino, koma tsiku lina, amayi atapita kapena atalola. Ndi manja angawa, ndili ndekha. Chimenecho chokha ndi chimene ndinadzisungira, Neville. Zina zonse ndimati ndikupatse."

"Ukanandiuza."

"Ukanandifunsa. Maulendo asanu ndi anayi wagona pabedi ili, sunandifunsepo kamodzi kuti Graham anali munthu wotani."

"Ndinkaopa kukupweteka."

"Unkaopa yankho."

Kunja galu wa Clive ankauwa m'galimoto. Neville anayang'ana kabokosi kamene kanali patebulo, pafupi ndi wotchi yake.

"Nanga za madzulo ano?"

"Amayi akhala pampando uja chikho chili pamiyendo, sakulankhula. Ukufuna lero lomwe ndiimirire pamaso pa mudzi wonse, ndiwauze kuti amene wathira mwana wawo m'sinki ndi amene ndikufuna kukwatiwa naye?"

"Ndiye liti?"

"Sindikudziwa."

"Koma lilipo tsikulo?"

Lorna anaimirira, nakulunga nsalu ndi mapilo mtolo umodzi. Pakhomo anatembenuka.

"Basi ya Loweruka imadutsa hafu pasiti thwelofu. Chikhocho pita nacho."

"Chikho chimakhala pa mbedza, Lorna."

"Pita nacho, Neville. Chikakhala muno amayi achipeza."

* * *

Neville anakhoma chipinda n'kutsika bala itangotsegulidwa. Nkhani inali itafika kale mpaka kumapeto kwa chigwa, ndipo anthu anali ambiri kuposa masana a Loweruka lina lililonse. Madomino anali patebulo koma palibe ankasewera. A Wilf anali atasamukira pabenchi, poti pampando wawo panali Mayi Edna, ndipo ankasuzumira m'chikho chawo ndi diso limodzi.

"Mowa wanga ukununkha sopo," anatero. "Ukhala ukununkha mpaka Khirisimasi. Zaka makumi asanu ndakhala ndikuchikometsa chikho ichi." Kenako anatsitsa mawu kuti amve Neville yekha. "Safunsa anadya phula, mwana wanga. Ukanandifunsa ine. Ndimakhala pompano, sindipita kulikonse."

Neville anaika kiyi pakauntala. Lorna anatambasula dzanja, koma Mayi Edna anali ataimirira kale. Anatola kiyiyo n'kumuyang'ana Neville m'maso, koyamba chiyambire kubwera kwake.

"Mlendo ndi mame, Bambo Pickard. Muyende bwino." Anatembenuka. "Clive mwana wanga, ndiwe wamtali. Takoloweka kiyiyu apo, kumapetoko. Masiku awiri onsewa ndimadabwa kuti mbedza imeneyo ndi ya chiyani."

Clive anakoloweka. Kathabwa ka nambala 3 kanagwedezeka pang'ono pa mbedza yatsopanoyo, kenako kanaima.

Mayi Edna sanathere pomwepo. Anatenga chikho cha Graham n'kuchiika pakauntala, patsogolo pa Clive.

"Chayera tsopano. Chikho choyera n'chomwera, si chopachika. Graham akanafuna amweremo mnzake amene anamubweretsa kunyumba. Lorna, muthirire."

Dzanja la Lorna linali pa chogwirira cha pampu. Clive anavula chipewa, zimene sankachita ngakhale m'tchalitchi asanakumbutsidwe. Kumlatho basi inaliza hutala.

Munthu wina akanaima kuti aone. Neville ananyamula chikwama n'kutuluka, natseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisachite phokoso.

* * *

Basi inakwera phiri ikubuula. Munali iye, amayi awiri opita kumsika ndi galu wogona. Kabokosi anakaika pamaondo, poti m'chikwama sikanakwane. Atafika pamwamba, pomwe mipanda ya miyala imathera, foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa Lorna.

"Sindinathire. Amayi anamuuza Clive kuti azungulire kuseri kwa kauntala adzithirire yekha, ndipo watero. Chimwalirire Graham palibe mwamuna anapondako kumeneko. Ati kuyambira Lolemba Clive azithandiza pa mowa madzulo, ndipo poti msewu wa kwawo umatsekeka ndi chipale, azigona m'chipinda chachitatu mpaka nyengo yachisanu ithe. Usabwere kufikira nditakuitana. Ndikadali wokwiya."

Anawerenga kawiri. Kachiwiriko m'pamene anazindikira. M'nyumba monsemo foni imagwira pazenera limodzi, ndipo chipinda chimenecho anachikhoma yekha. Kuti uthengawu umupeze, Lorna anachita kutsitsa kiyi pa mbedza ija, apongozi ake, Clive ndi theka la mudzi akuonerera, n'kukwera masitepe, n'kuimirira pampando.

Analemba kuti pepani, n'kufufuta. Analemba kuti ndimakukonda, n'kufufutanso, poti mawuwo anaoneka ngati obwereka. Pomaliza analemba funso limene anayenera kulifunsa mu Epulo.

"Graham anali munthu wotani?"

Anatumiza, n'kudikira. Foni inasonyeza kuti uthenga wapita koma sunafike. Lorna anali atatsika kale pampando paja. Funsolo likanamudikira mpaka tsiku limene akanakweranso pazenera limenelo, ndipo kuyambira Lolemba zeneralo linali la Clive Sunter.

Basi inayamba kutsetsereka tsidya lina la phiri. Pa bampu iliyonse chikho chinkagunda m'kabokosi, ndipo Neville anachigwira ndi manja awiri kuti chikhale chete.